Jombo Zinakana Maliro

Mu bataliyoni yathu tinalimo amuna mazana asanu ndi atatu, koma amene ankadziwa kumene tinagona dzana anali munthu mmodzi yekha, a Edgar Haworth, kopolo wa mu ofesi. Enafe mukanatifunsa tikanangoti, "Paphiri." Ku Korea, m'nyengo yozizira ya 1951, tinkatsika phiri n'kukwera lina lofanana nalo ngati mapasa, ndipo akuluakulu ankati nkhondo ikuyenda bwino.

Ine ndine Clegg. Ndinkayendetsa lole imene inali ofesi ya bataliyoni. Kumbuyo kwake kunali tebulo lomangirira ndi zingwe, mabokosi a mapepala, kambaula ka palafini, ndi a Haworth. Ndinawanyamula miyezi khumi ndi inayi, ndiye ndikamanena za iwo musati ndikuwonjeza mchere.

Anali amfupi, adazi, ndipo magalasi awo anali omanga ndi ulusi mbali imodzi. Zaka anali nazo makumi anayi ndi zinayi pamene ambirife tinali tisanafike makumi atatu, choncho tinkawatchula kuti Mdala. Mfuti anali nayo poti lamulo limatero, koma ankayanikapo masokosi. Chida chawo chenicheni chinali makina otayipira, amene ankafunda nawo bulangete limodzi kuti mafuta ake asaundane. Asilikali ankati makinawo ndi akazi awo, ndipo podutsa ankakuwa kuti, "Mdala, mayi adzuka bwanji?" Iwo osadzutsa ndi mutu womwe ankayankha kuti, "Adzuka bwino. Akufunsa ngati wasamba chaka chino."

Ntchito yawo yaikulu inali buku la tsiku ndi tsiku la bataliyoni. Ankalembamo kumene tachokera, kumene tafika, mmene kunja kwachera, ndiponso amene avulala kapena kufa. Akatha, Kaputeni Fanshawe, amene ankayang'anira ofesiyo, ankasainira pansi pake. Tsamba limodzi linkamveka chonchi: "Tanyamuka 6 koloko m'mawa. Tayenda mamailosi asanu ndi anayi. Tafika paphiri 217. Chipale chikugwa. Lefutenanti Carew wavulala pamkono. Asilikali wamba anayi avulala."

Mwaona pamenepo? Ofesala akangokandika, dzina lake linkalowa m'buku. Msilikali wamba ankalowamo ngati nambala, mmene amawerengera mabulangete. Ndi mwambo wakale wa asilikali a kwathu, ndipo sitinkauona ngati chipongwe, tinaupeza. Mayina a ife anthu wamba ankalembedwa pa pepala lina, limene wanjinga yamoto ankapita nalo kulikulu masana. Kuchoka kumeneko nkhani inkawoloka nyanja n'kukasanduka telegalamu pakhomo la munthu. Pepala limenelo ndi chinthu chokhacho chimene ndinawaona a Haworth akuchiopa.

Chifukwa chake anandiuza tsiku lina tikudikira kuti mlatho ukonzedwe. Asanalowe usilikali anali wamtokoma wa positi m'tauni yathu ya mafakitale a nsalu. Nkhondo yolimbana ndi Jeremani itayamba, ankayenda panjinga yofiira kuperekera matelegalamu m'misewu yomwe anakuliramo. Amayi akawaona akukhota pakona ankasuzumira pamakatani, aliyense akupemphera kuti njinga idutse. Tsiku lina inaima pakhomo pa mayi Sugden, amasiye a mwana mmodzi. Mayiwo anawerenga, anathokoza, anatseka chitseko. Patapita masabata awiri a Haworth omwewo anabwera ndi telegalamu ina yonena kuti panali kulakwitsa, mwana uja ali moyo m'chipatala. Anapeza anthu akuchokera kumanda kokaika mayiwo.

"Kalaliki wina kwinakwake anafulumira kuti akamwe tiyi," anatero a Haworth. "Ndinabweza njinga sabata yomweyo. Ndinati bola ndikakhale kumene pepala limayambira."

Ndiye anali ndi lamulo lawolawo: sankalemba munthu kuti wafa asanamuone ndi maso. Kaya kuli matope, kaya mizinga ikugwa, ankapita pamene mitembo yagonekedwa, kuseri kwa tenti ya dokotala, n'kukavundukula bulangete lililonse. Masajeni ankanyansidwa nazo. Ine ndinkanyansidwa kuposa iwo, poti wowaperekeza ndinali ine.

Tsopano ndikuuzeni za Stan Grimshaw. Ameneyu anali wa kumigodi ya malasha, chimunthu chachitali, chaphokoso, chokonda kuseka chisanamalize nthabwala yake. Koma chimene ankadziwika nacho ndi mapazi. Ankavala saizi 13, ndipo jombo zimene anakwera nazo sitima zinatha mwezi woyamba. Anazimanga ndi waya wa telefoni, m'kati n'kuyalamo makatoni a chakudya. Lachisanu lililonse ankafika palole yathu, n'kuponya phazi limodzi patebulo.

"Mdala, taonani. Chala chachikuluchi chayamba kupereka moni kwa anthu."

"Chotsa ngalawa yakoyo pamapepala a Mfumu."

"Mfumuyo indigulire jombo kaye! Kodi munalembadi, kapena mumangosisita mayiwo?"

Analembadi, kanayi konse. Koyamba kunabwera saizi 9. Kachiwiri kunabwera zazikulu bwino, koma zonse za kumanzere. Kachitatu kunabwera kalata yonena kuti msilikali wa phazi lotere kulibe, ayezenso. Kachinayi kunangoti zii. Grimshaw ankatukwana, kenako n'kutulutsa kalata ya mkazi wake Doreen n'kutiwerengera tonse, tifune tisafune. Doreen anali woyembekezera mwana wawo woyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo bataliyoni yonse inkadziwa kuti miyendo yamutupa komanso kuti akulakalaka nsomba zokazinga ndi mbatatesi.

Tsiku lina mu Febuluwale, chakumasana, kunafika asilikali atsopano khumi ndi awiri odzalowa m'malo mwa ovulala. Anafika nthawi yoipa. Adani anali atayamba kukankha paphiri la kumpoto, ndipo anthuwo anangotsika mulole n'kuuzidwa kuti kwerani, asanalandire ngakhale makhothi a mphepo. Kunamenyedwa mpaka m'mawa mwake. Phiri tinalisunga, koma sajeni wa kumeneko anatsika ndi mayina atatu a ophedwa, ndipo lachitatu linali la Grimshaw.

Ndinalira, sindibisa. Wophika wathu anataya chikombe pansi n'kukakhala kuseri kwa lole. A Haworth anangovala chipewa n'kunena kuti, "Tiye, Clegg."

Awiri oyamba anawazindikira. Wachitatu mzinga unamupeza pafupi, nkhope inali yosazindikirika, ndipo tizitsulo ta dzina timene tinkavala m'khosi tinali titaduka n'kutayika. Koma khothi linali la Grimshaw, lolembedwa dzina lake pakolala, ndipo m'thumba munali kabuku kake ka usilikali ndi kalata ya Doreen. Ine ndinatembenuka kuti tizipita. A Haworth anaima kumiyendo, akupukuta magalasi.

"Clegg, bulangeteli lamukwana munthuyu?"

"Lamukwana, Mdala. Tiyeni."

"Grimshaw linamukwanapo bulangete?"

Anavundukula kumapazi. Kunali tijombo tatsopano, topanda waya, tonyezimira ngati ta kutchalitchi. Anayeza ndi chikhatho n'kunena kuti, "Saizi 7. Ndalemba makalata anayi za mapazi a munthu ameneyu. Awa si ake."

Kaputeni Fanshawe sanali munthu woipa, ngakhale tsiku limenelo ndikanatha kumuponda ndi lole. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wosagona masiku atatu, ndipo kulikulu ankamukalipira akachedwetsa pepala. Anamvetsera, n'kupukusa mutu.

"Kopolo, khothi ndi lake, kabuku ndi kake, sajeni wake akuti ndi iye, ndipo pakuitana mayina sanayankhe. Jombo munthu amatha kuvula za mnzake."

"Bwana, Grimshaw angalowe mu saizi 7 pokhapokha atamudula zala."

"Nanga wagona apoyo ndani? Palibe wina amene akusowa."

Pamenepo Kaputeni analamula kuti pepala lipite masana omwewo ndi mayina onse atatu. Iwo anati, "Chabwino, bwana." Atatuluka Kaputeni, anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mkazi uja watsala masabata atatu. Njinga ikaima pakhomo pake, tikhoza kuika anthu awiri chifukwa cha munthu amene sanafe."

Masana atakwana, mayina awiri otsimikizika anapita. La Grimshaw linatsala, poti makina akuti anaundana atangofika pamzere wachitatu. Kaputeni anati alembe pamanja. Inki nayo inali itauma gwa m'botolo, ndipo ndikuchitira umboni kuti inaumadi, poti ndine ndinaiika panja. Kaputeni anati alembe ndi pensulo. A Haworth anatsegula buku la malamulo, n'kumuonetsa ndi chala pamene pakuti pepala lotere silingalembedwe ndi pensulo. Lamulo lija likakhala mbali yawo ankalidziwa ngati pemphero.

Tsiku lachiwiri makina anachira, chifukwa Kaputeni anaimirira pomwepo mpaka pepala litatayipidwa. Koma wanjinga yamoto anali atatumidwa kwina, ndipo envelopu anandipatsa ine. Abale, lole ija inali isanandivutepo chiyambire, koma tsiku limenelo inafika pagombe la mtsinje n'kuzima. Ndinatsegula kutsogolo, ndinagwiragwira, ndinasuta ndudu zinayi, ndinadya nyama ya m'chitini. Dzuwa litapendeka inalira yokha, koma msewu unali utatsekedwa kale, ndiye ndinabwerera ndi envelopu yanga. Kawaya kamene kanavuta kanali m'thumba langa nthawi yonseyo.

Pamene ine ndinkasuta kumtsinje, a Haworth anayenda wapansi m'magulu onse anayi a bataliyoni, akufunsa funso limodzi: atsopano aja munalandira angati? Gulu lina linati atatu, lina anayi, ena awiriawiri. Zonse pamodzi khumi ndi mmodzi. Chikalata chimene anabwera nacho chinkati khumi ndi awiri. Anapita nazo kwa Kaputeni, koma iye anati mwina wina anatsala pasiteshoni ndi malungo, zimachitika sabata iliyonse. Apa n'kuti atatopa nafe.

"Kopolo Haworth, mawa 12 koloko envelopu imeneyo muipereke kwa wanjinga yamoto ine ndikuona. Mukapanda kutero, mizere iwiri ya ukopoloyo ichoka pamkono. Ndipo iwe Clegg, lole yako ikadzadwalanso, udzaikankha wekha mpaka kunyanja."

Mizere ija a Haworth anaivutikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akazi awo kumudzi ankanyadira nayo kutchalitchi. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawapeza akuyang'ana kumpoto, tiyi atazizira m'manja. Ndinawauza kuti, "Mdala, mwayesetsa. Mwina anafera kwina, kungoti sitinamupeze." Anayankha kuti, "Mwina. Koma sindinamuone."

Nthawi itakwana, Kaputeni anaima pambali pa lole atapinda manja. A Haworth anatulutsa envelopu yomata bwino, yodinda chidindo chofiira cha changu, n'kuipereka. Njinga inalira, inapita. Ine mtima unangoti phwa, ndipo ndinawakwiyira kwambiri mdalayo, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chimene akanachita. Kaputeni atatembenuka kuti azipita, iwo anatsokomola.

"Bwana, ndisakunamizeni. M'menemuja mulibe dzina la womwalira."

"Nanga muli chiyani?"

"Kalata yachisanu yopempha jombo, bwana. Saizi 13."

Sindinaonepo munthu akufiira ngati mmene anafiirira Kaputeni Fanshawe. Madzulo asanafike anali atawatengera kwa mkulu wa bataliyoni, ndipo a Haworth anabwerako mkono uli mbee, atatsala timaulusi pamene panali mizere. Anakhala patebulo, n'kulemba m'buku kuti, "Sitinasamuke. Kwazizira. Palibe wovulala." Za iwo eni sanalembemo, poti anali atasanduka msilikali wamba. Kaputeni ananena kuti mawa alemba yekha pepalalo ndi kulipereka yekha.

Kutacha, tili pamzere wa tiyi, mlonda wa kumsewu anayamba kukuwa ngati waona njovu. Kunkabwera ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, mkulu wina wa ku Korea wa ndevu zoyera akuitsogolera. M'ngolomo munali mulu wa mapesi a mpunga, ndipo kumbuyo kwake kunkalendewera mapazi awiri omanga ndi waya wa telefoni. Sitinafunikire kuona nkhope.

"Taimani, achimwene, musandigwire kumbuyoko!" anakuwa Grimshaw titamuunjirira. Anagona chafufumimba, akununkha adyo moti ng'ombe yomwe inkayang'ana kumbali. "Andilasa pokhalira. Wina akaseka ndimuponda."

Tinaseka mpaka misozi. Wophika ankamupsompsona pamutu, sajeni amene anamulengeza kuti wafa ankangoti, "Iwe, iwe, iwe," osapeza mawu ena. Nkhani yake inali yakuti chitsulo cha mzinga chitamulasa, anagubuduka kutsetsereka mbali ina ya phiri, n'kukwawa mpaka pakanyumba ka mkulu uja. Banjalo linamubisa masiku atatu m'chipinda chofunda, likumudyetsa mpunga ndi kabichi wa tsabola, mpaka njira itayera. Tinamusonkhera mkuluyo zitini za nyama, shuga, ndudu ndi mabulangete awiri, ndipo anabwerera ngolo ili yolemera kuposa mmene inabwerera.

A Haworth anafika pambuyo pa onse, manja ali kumbuyo. Grimshaw anawayang'ana pamkono.

"Mdala, mizere yapita kuti?"

"Mbewa. Khothi lako lili kuti?"

"Ndinabwereka kamunthu kena katsopano. Kanafika kakunjenjemera ngati kamwana ka mbuzi, kalibe khothi. Ndinati vala, ine mafuta ndili nawo. Linkakafika m'mapazi." Anayamba kuseka, kenako anaona nkhope zathu n'kusiya. "Kali kuti?"

A Haworth anafunsa ngati anamva dzina lake. Grimshaw anati ayi, analankhulana mphindi zochepa chabe, koma kanati kwawo kankadula matikiti m'basi, ndipo kali ndi ana aakazi awiri. A Haworth anakwera mulole, n'kutsegula chikalata cha atsopano aja. Pa mayina khumi ndi awiri, limodzi lokha ndi limene panalibe gulu lolitenga: Cyril Maddock, wa zaka makumi atatu ndi zitatu, kondakitala wa basi, woitanidwanso ku usilikali. Anakhala nafe maola anayi, ndipo palibe sajeni amene anapeza mpata womulemba.

Masana amenewo pepala linapita ndi dzina loona. Makina sanaundane. Ndinakhala pakhomo la lole ndikumva a Haworth akutayipa pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ndipo chimwemwe chonse cha m'mawa chija chinandithera. Atamata envelopu anati, "Clegg, usanditamande. Njinga yofiira ija sindinaiimitse. Ndangoisinthira khomo."

Kenako anatenga buku la tsiku ndi tsiku, n'kubwerera patsamba la tsiku la nkhondo ija, pamene panalembedwa kuti asilikali wamba atatu aphedwa. Pansi pake anawonjezera mzere. Kaputeni atabwera kudzasaina anawerenga, n'kukweza maso.

"Haworth, Maddock ameneyu ndi ofesala?"

"Ayi, bwana."

"Mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa, bwana. Koma awiri enawo ali ndi anzawo muno amene adzawatchule mpaka kukalamba. Uyu palibe amene anamudziwa ngakhale dzina. Akapanda kulowa m'bukumu, ndiye kuti sanafike n'komwe."

Kaputeni anawerenganso mzere uja. Kenako anapempha cholembera, anasaina, ndipo potuluka anati, "Mizere ija sindingathe kuibweza msanga." A Haworth anati, "Mkono wapepukako, bwana."

Patapita sabata, wanjinga yamoto anafika ndi phukusi. Kalata yachisanu ija, poti inayenda ndi chidindo chofiira cha changu cha mapepala a omwalira, kulikulu anaithamangira ngati moto. Munali jombo zatsopano, saizi 13, ina ya kumanja ina ya kumanzere. Tinakazipereka kuchipatala, kumene Grimshaw anazivala ali chigonere chafufumimba, n'kukana kuzivula ngakhale adokotala atamuopseza. Mwezi womwewo kunabwera uthenga woti Doreen wabereka mwana wamkazi. Kalata yake inati mwanayo ali bwino, koma anamwino akudabwa ndi mapazi.

A Haworth mizere yawo inabwerera patatha miyezi isanu. Nkhondo itatha anabwerera ku positi, koma njinga sanaikwerenso, ankagulitsa masitampa pawindo mpaka kupuma ntchito. Sabata yoyamba atafika kumudzi anakwera sitima kupita kwa mkazi wa Maddock, atatenga Grimshaw, kuti akamuuze mayiyo kuti mwamuna wake sanafe akuzizidwa. Grimshaw anandiuza kuti Mdala atafika pamsewu wa nyumbayo anavula chipewa adakali kutali.

Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Bokosi tinanyamula ndi ine, Grimshaw ndi ena anayi, ndipo linkapendekera mbali yanga chifukwa cha kutalika kwa chimunthu chija. Chaka chotsatira ndinapita kumene amasunga mabuku akale a asilikali, ndinapempha la bataliyoni yathu, ndipo ndinaliwerenga lonse ngakhale maso anga ndi otha. Muli mapiri onse aja, chipale chonse chija, ndi maofesala onse ndi mabala awo. Ife mazana asanu ndi atatu tilimo ngati manambala, ine, Grimshaw, ndi a Haworth amene analilemba. Dzina la msilikali wamba lilimo limodzi lokha, ndipo ndinaliwerenga mokweza mpaka woyang'anira mabuku anandiyang'ana: "Cyril Maddock, anafika 2 koloko masana, anakwera phiri ndi anzake, anafa atavala khothi la mnzake."